Chofunda cha Mayina

Nkhani iyi inayambira pa maliro a anthu awiri ophedwa ndi mfuti, Edzi isanamveke n'komwe. Pa 27 Novembala 1978, mumzinda wa San Francisco ku America, bambo wina dzina lake Dan White, yemwe anali atangotula pansi udindo wa ukhansala, analowa m'nyumba ya khonsolo ya mzindawo atabisa mfuti. Anawombera meya George Moscone mu ofesi yake, kenaka anapita ku ofesi ina n'kuwomberanso khansala Harvey Milk. Milk anali mmodzi mwa anthu oyamba m'dzikolo kusankhidwa pa udindo wa boma atanena poyera kuti ndi mwamuna wokonda amuna anzake. Usiku wa tsiku lomwelo anthu zikwizikwi anatuluka m'nyumba zawo makandulo ali m'manja, n'kuyenda mwakachetechete kuchokera kudera la Castro mpaka ku nyumba ya khonsolo ija. Kuyambira pamenepo ulendo wa makandulo unakhala mwambo wa chaka ndi chaka, ndipo mmodzi mwa anthu amene ankauyendetsa anali mnyamata wina amene ankaphunzira ntchito mu ofesi ya Milk, dzina lake Cleve Jones.

Patangopita zaka zosakwana zitatu, mu Juni 1981, bungwe loona za matenda m'dzikolo linalemba za anyamata asanu a ku Los Angeles amene anagwidwa ndi chibayo chachilendo, chimene sichigwira munthu wa thupi lolimba. Posakhalitsa madokotala a ku New York ndi ku San Francisco anayamba kuona odwala ena okhala ndi mawanga akuda pakhungu, chizindikiro cha khansa imene ku America kale inkapezeka mwa nkhalamba zochepa chabe. Mu 1982 matendawa anapatsidwa dzina limene ife timati Edzi. Mu 1983 akatswiri a ku Institut Pasteur ku Paris anakapeza kachilombo koyambitsa matendawa. Koma mankhwala kunalibe. Munthu akauzidwa kuti ali nawo, ankangowerenga miyezi.

Dera la Castro ndi laling'ono, misewu yowerengeka yokha, ndipo anthu ake ankadziwana. Ambiri anali anyamata amene anathawa kwawo, m'matauni aang'ono a kumidzi, kumene makolo ndi mipingo yawo sankawafuna. Anabwera kuno kudzayamba moyo wina, ndipo anzawo ndiwo anasanduka abale awo. Tsopano abale amenewo anayamba kutha. Munthu amene unacheza naye mwezi wathawu ali wojintcha, lero ukumuona akuyenda ndi ndodo, masaya atalowa, ali ndi zaka makumi atatu zokha. Mwezi wamawa sukumuonanso.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndikamaganiza za zaka zimenezo si imfa yokha ayi, koma zimene zinkatsatira imfayo. Kwathu kuno munthu akamwalira mudzi wonse umaima. Amayi amagona m'siwa, abambo amachezera panja pamoto, adzukulu amalawirira kumanda ndi makasu, ndipo ngakhale munthu amene munkakangana naye amabwera kudzakhuza. Ku America m'zaka zoyambirira za Edzi, ambiri anamwalira popanda chilichonse chofanana ndi zimenezi. Eni nyumba zina zokonzera maliro ankakana kulandira mitembo ya anthu ofa ndi Edzi, poopa kutenga matenda. Mitembo yambiri inkangowotchedwa, phulusa n'kuwazidwa m'nyanja, osatsala manda oti wina n'kudzaimapo. Makolo ena ankabwera kudzatenga thupi la mwana wawo mwakachetechete, kukaika kwawo, n'kuuza anansi kuti wamwalira ndi khansa kapena chibayo. Bwenzi limene linamusamalira mpaka tsiku lomaliza, kumusambitsa ndi kumumwetsa phala, silinkaitanidwa n'komwe. Boma nalo linali chete. Pulezidenti Ronald Reagan anadzalankhula mwatsatanetsatane za Edzi mu Meyi 1987, anthu a m'dziko lake oposa 20,000 atamwalira kale.

Mu Novembala 1985, Cleve Jones akukonzekera ulendo wa makandulo wa chaka chimenecho, anamva kuti chiwerengero cha anthu a mu San Francisco ophedwa ndi Edzi chapitirira 1,000. Iye mwini anafotokozapo kambirimbiri zimene zinamubwerera m'mutu: kuti ambiri mwa anthu chikwi amenewo ankakhala pafupi ndi pamene iye anaima, koma panalibe chilichonse chosonyeza kuti anakhalapo. Chikhala kuti misewu imeneyo inali dambo, mitembo chikwi itagona poyera, aliyense wodutsa akanaona ndipo sakanatha kutembenukira kumbali. Choncho madzulo a ulendowo anagawira anthu makatoni ndi zolembera, n'kuwapempha kuti aliyense alembe dzina la munthu amene wamutaya. Poyamba ena anachita manyazi, n'kungolemba zilembo zoyamba za dzina, kapena dzina loyamba lokha. Kenaka ena analimba mtima n'kulemba mayina onse. Atafika kumapeto a ulendo, pa nyumba yakale ya boma imene munali maofesi a zaumoyo, anaimika makwerero n'kumata makatoni aja pakhoma. Jones atabwerera m'mbuyo n'kuyang'ana khomalo, makatoni a misinkhu yosiyanasiyana atagundana mbali ndi mbali, anaona chinthu chimene anachidziwa kuyambira ali mwana: chofunda cha zigamba.

Apa ndiyenera kufotokoza pang'ono za chofunda chimenechi, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Ku America amayi akale sankataya nsalu. Malaya akatha, diresi likang'ambika, ankadula tizidutswa tabwino n'kusunga. Tikachuluka ankatilumikiza, kuika thonje pakati ndi nsalu ina kunsi, n'kusoka zonse pamodzi kukhala chofunda chokhuthala cha m'nyengo yozizira. Ntchitoyo inali yaikulu, choncho amayi a m'mudzi ankaitanizana, kukhala mozungulira nsaluyo, singano zili m'manja, nkhani zili pakamwa. Chofunda chotere chinkapatsidwa kwa mwana wokwatiwa, n'kudzafika kwa zidzukulu. Mwana akafunda ankatha kuloza kachigamba n'kunena kuti aka kanali malaya a agogo. Kwa munthu wa ku America, palibe chinthu chonunkhira kwawo ndi banja kuposa chofunda chimenechi. Jones anaona kuti anthu amene dziko linkawatcha odetsedwa ndi opanda banja akakulungidwa m'nsalu ya agogo, kudzakhala kovuta kuwakana.

Ganizolo linakhala m'mutu mwake kupitirira chaka, ndipo anzake ambiri sankaliona ngati lanzeru. Chimene chinamukankha chinali imfa ya bwenzi lake la pamtima, Marvin Feldman, mu Okutobala 1986. Kumayambiriro kwa 1987 Jones anayala nsalu kuseri kwa nyumba n'kulembapo dzina la mnzakeyo ndi penti wopopera. Sanali telala, ndipo chigambacho sichinali chokongola. Koma anasankha muyeso umene wakhalapo mpaka lero: mafiti atatu m'lifupi ndi asanu ndi limodzi m'litali, ndiye kuti pafupifupi masentimita 90 ndi 180. Umenewu ndi muyeso wa manda a munthu wamkulu.

Mu Juni 1987, Jones pamodzi ndi Mike Smith ndi anzawo ena ochepa anakhazikitsa bungwe lotchedwa NAMES Project, kutanthauza ntchito ya mayina, n'kupeza kasitolo kopanda kanthu mumsewu wa Market. Anthu anapereka makina osokera, ulusi, nsalu zotsala ndi mipando. Ena ankabwera atanyamula chigamba chotha kale. Ena ankabwera ndi thumba la zovala za malemu, osadziwa n'komwe kulowetsa ulusi pa singano, ndipo ankapeza wina wowaphunzitsa. Mmodzi mwa anthu oyamba kulowa pakhomo limenelo anali mayi wina wodziwa kusoka, Gert McMullin, amene anzake ambiri anali atamwalira kapena akudwala. Iye sanachokenso. Wasoka ndi manja ake zigamba zoposa 100, ndipo mpaka zaka zaposachedwapa anali akukonzabe zong'ambika. Anthu amamutcha mayi wa chofundacho.

Ndimaganiza kuti chinsinsi cha ntchitoyi chinali m'kasitolo kameneka, osati m'zionetsero zazikulu zimene zinabwera pambuyo. Chisoni chimamanga munthu pakamwa. Wofedwa ukamufunsa kuti akumva bwanji, amangoti ali bwino. Koma mupatseni lumo ndi malaya a malemu, mumufunse kuti tidule pati, ayamba yekha kufotokoza kuti malaya awa anavala tsiku lakuti, ankawakonda chifukwa chakuti, thumba ili linang'ambika pa ulendo wakuti. Maso ali pa nsalu, manja ali pa ntchito, mawu amatuluka osakakamiza. Ndipo pa tebulo loyandikana nalo pali wina amene akuchita chimodzimodzi. Mayi wachikulire wopemphera, amene anabwera mwamantha kuchokera kutali, ankapezeka wakhala moyandikana ndi bwenzi la mwana wake, munthu amene sanafune kumudziwa mwanayo ali moyo, wina atagwira nsonga iyi ya nsalu, wina nsonga inayo.

Mbiri itamveka, mapaselo anayamba kufika pa positi kuchokera ku New York, Los Angeles, Atlanta ndi m'matauni aang'ono amene anthu a ku San Francisco sanawamvepo. Ambiri ankabwera ndi kalata ndi chithunzi. Zimene anthu ankasokerera pa nsalu ndi zimene zimachititsa kuti munthu aime nthawi yaitali pa chigamba chimodzi: buluku la jinzi, yunifolomu ya ntchito, tayi, zidole za ana, makiyi a galimoto, mphete ya ukwati, tsitsi, makalata a chikondi, ngakhale kathumba ka phulusa la malemuyo. Zigamba zina n'zosokedwa mwaluso loti telala aliyense angagome. Zina ndi nsalu yoyera yokha ndi dzina lolembedwa ndi dzanja lonjenjemera. Zina zili ndi dzina loyamba lokha, zina zangolembedwa kuti mwana wanga, kapena mchimwene wanga, chifukwa wosokayo ankaopabe kuti abale kapena mabwana a kuntchito angadziwe. Osoka a ku San Francisco ankalumikiza zigamba zisanu ndi zitatu kukhala chinsalu chimodzi cha mafiti 12 mbali zonse. Motero munthu wotchuka ankagona moyandikana ndi munthu wosadziwika, khanda moyandikana ndi msilikali, onse pa muyeso umodzi.

Pa 11 Okutobala 1987, m'bandakucha, chofundachi chinayalidwa koyamba pa bwalo lalikulu la National Mall ku Washington, kufupi ndi nyumba ya malamulo ya dzikolo. Linali tsiku la ulendo waukulu wa anthu omenyera ufulu wa amuna ndi akazi okonda anzawo ofanana nawo ziwalo. Zigamba zinali 1,920, ndipo zinaphimba malo oposa bwalo la mpira. Mwambo wa kayalidwe kake unayambira pomwepo. Anthu odzipereka, atavala zoyera, ankaima asanu ndi atatu mozungulira chinsalu chopindidwa, kugwirana manja, kuwerama, kufutukula nsonga zake pang'onopang'ono, kuchinyamula m'mwamba, kuchizunguza, n'kuchigoneka pansi mosamala ngati akugoneka mwana. Pamene ankatero, wina anali pa chokuzira mawu akuwerenga mayina, limodzi limodzi, popanda ulaliki kapena ndemanga. Wowerenga aliyense akamaliza tsamba lake ankawonjezera dzina la wake wake, ndipo apa m'pamene mawu ankathera m'khosi. Pakati pa zinsaluzo anasiya tinjira toti anthu adutsemo. Anthu pafupifupi theka la miliyoni anadutsa m'tinjira timeneto kumapeto a sabata imeneyo. Amene analipo amakumbukira bata lake, khamu lonselo likuyenda mwa phee, kumangomveka mayina ndi kusisima.

Mwezi womwewo wa Okutobala 1987, kuno kwathu ku Africa kunachitika chinthu chofanana nacho mtima. Pulezidenti Kenneth Kaunda wa Zambia anauza atolankhani kuti mwana wake Masuzyo, amene anamwalira mu Disembala 1986, anafa ndi Edzi. Panthawiyo panalibe mtsogoleri wa mu Africa amene anali atanenapo zotere za m'nyumba mwake. Kaunda ndi anthu a ku Washington sanapangane. Koma onse anali atazindikira kuti matendawa akudya anthu mumdima chifukwa palibe wofuna kutchula dzina la womwalira pamodzi ndi dzina la chimene chamupha.

Chofunda chija chikanatha kupindidwa n'kusungidwa ngati chikumbutso. Sizinatero. Mu 1988 anachikweza m'galimoto n'kuyenda nacho miyezi inayi m'mizinda 20. Mumzinda uliwonse anthu ankachiyala m'holo kapena m'bwalo la masewero, ofedwa a kumeneko ankabweretsa zigamba zawo, ndipo obwera kudzaona ankaponya ndalama. Ndalamazo sizinkapita ku San Francisco. Zinkatsala komweko, m'manja mwa magulu amene ankaphikira odwala chakudya, kuwalipirira lendi, kuwaperekeza kuchipatala ndi kuwachezera pamene abale awathawa. Ulendo umenewo unasonkhanitsa pafupifupi madola 500,000, ndipo anthu odzipereka oposa 9,000 anathandiza kunyamula, kuyala ndi kupinda. Pamene unkatha, zigamba zinali zitapitirira 6,000. Mu Okutobala chaka chomwecho anayala zigamba 8,288 kufupi ndi nyumba ya pulezidenti ya White House.

Anthu 9,000 amenewa ndiwo amandikopa mtima kuposa ndalamazo. Ena mwa iwo anabwera koyamba ngati anamfedwa, kudzapereka chigamba cha mwana kapena cha mwamuna wawo. Atapereka sanathe kubwerera kunyumba kukakhala okha. Anapempha ntchito. Wina anapatsidwa bokosi la timapepala topukutira misozi kuti aziyenda nalo m'tinjira tija. Wina anakhala pa tebulo kulandira zigamba zatsopano ndi kumvetsera nkhani za ozibweretsa, chifukwa palibe amene ankangosiya nsalu n'kutembenuka osanenapo kanthu. Ena atachoka pamenepo anakalowa m'magulu osamalira odwala m'mizinda yawo. Akuluakulu athu anati maliro n'kulirana, ndipo anthu amenewa anazipeza okha popanda wowauza: woliridwa dzulo ndiye amadziwa pokhala pafupi ndi wolira lero. M'zaka zotsatira zionetsero za chofundachi zinabweretsa madola oposa 3 miliyoni ku magulu othandiza odwala, ndipo zidutswa zake zinayalidwa m'masukulu, m'matchalitchi, m'masunagoge ndi m'malo a ntchito. Mwana wa sukulu amene sankamvera phunziro la za kachilombo ankaima duu akaona chigamba cha munthu wobadwa chaka chimodzi ndi mkulu wake.

Mu 1989 ntchitoyi inatchulidwa pakati pa oyenera kuganiziridwa pa mphoto ya mtendere ya Nobel, ndipo filimu yofotokoza za anthu asanu okumbukiridwa pa chofundachi, Common Threads, inapata mphoto ya Oscar mu 1990. Mayina otchuka analowamo: Rock Hudson wa mafilimu, woimba Freddie Mercury, katswiri wa tenisi Arthur Ashe, ndi Ryan White, mnyamata wa ku Indiana amene anatenga kachilombo kudzera m'mankhwala opangidwa kuchokera ku magazi, n'kuletsedwa kupita kusukulu, n'kumwalira mu 1990 ali ndi zaka 18. Chaka chomwecho lamulo lopereka ndalama za boma zothandizira odwala Edzi linatchedwa dzina lake.

Si onse amene ankachikonda chofundachi, ndipo odandaulawo sanali adani okha. Ena mwa omenyera ufulu a gulu la ACT UP, limene linayamba ku New York mu 1987, ankati nsaluyo ikukongoletsa imfa zimene zinayenera kukwiyitsa anthu. Ankati wandale akhoza kubwera, kukhetsa msozi, n'kubwerera ku ofesi osasintha kanthu. Mu Okutobala 1992, chofundachi chili choyalidwa ku Washington, a gululi anayenda mpaka ku mpanda wa White House n'kuwaza phulusa la okondedwa awo pa kapinga wa pulezidenti. Sindingawadzudzule. Munthu amene wanyamula phulusa la bwenzi lake m'kabokosi ali ndi ufulu wokwiya, ndipo mkwiyo wa gulu limeneli unathandiza kufulumizitsa kuyesa ndi kuvomereza mankhwala. Koma sindivomereza kuti nsaluyo inali yofewa mopanda ntchito. Mayi wa kumudzi amene sakanayerekeza kukuwa mumsewu anatha kugwira singano, ndipo atasoka dzina la mwana wake sanathenso kubisa. Anthu otere anali ochuluka, ndipo ndiwo ankavota m'madera amene andale ankaganiza kuti Edzi ndi nkhani ya kutali.

Dandaulo lina linali lolemera kwambiri. Popeza ntchitoyi inayambira ku Castro, zigamba zambiri zinali za azungu, pamene mliri unali kulowa kwambiri pakati pa anthu akuda, ochokera ku Latin America, amayi ndi osauka a kum'mwera kwa dzikolo. Pakati pa amenewa manyazi anali aakulu, ndipo nthawi ndi makina osokera zinali zosowa. Bungwe lija linazivomereza, n'kuyamba kupita lokha m'matchalitchi ndi m'masukulu a anthu akuda kukasoka nawo limodzi. Mpata umenewo sunatsekeke wonse mpaka lero.

Mu Okutobala 1996 chofunda chonse chinayalidwa pamodzi komaliza. Zigamba zinali pafupifupi 40,000, ndipo zinadzaza bwalo la National Mall kuyambira kufupi ndi nyumba ya malamulo mpaka ku chipilala cha Washington. Kuwerenga mayina kunatenga masiku. Pulezidenti Bill Clinton ndi mkazi wake Hillary anabwera kudzayenda m'tinjira tija, koyamba kuti pulezidenti amene ali pa mpando achite zimenezo. Chaka chomwecho, pa msonkhano wa ku Vancouver, madokotala analengeza kuti kuphatikiza mankhwala atatu kukutha kufooketsa kachilombo m'thupi. Anthu amene anali atagawa kale katundu wawo anadzuka pa mphasa. Cleve Jones, amene nayenso ali ndi kachilomboka ndipo anadwalapo mpaka kutsala pang'ono kufa, anali mmodzi mwa opulumuka. Imfa zinatsika kwambiri ku America, ndipo mapaselo a zigamba anayamba kuchepa.

Nthawi imeneyo ife ndiye tinali pakati pa moto. Ku Malawi wodwala woyamba anapezeka mu 1985, ndipo pofika m'zaka za m'ma 1990 panalibe banja losakhudzidwa. Amene tinalipo tikukumbukira mashopu a mabokosi a maliro m'mbali mwa misewu ya m'tauni, aphunzitsi ndi anamwino akutha, agogo akulera zidzukulu zisanu ndi chimodzi m'nyumba imodzi. Ife maliro tinali nawo, sitinawasiye. Tinkagona m'siwa, tinkaimba usiku wonse, tinkaponya chipepeso m'mbale. Koma pa mwambo wa kumanda, woimira banja akaimirira, ankangoti malemuwa adwala nthawi yaitali. Kuseri tinkanong'onezana kuti ndi matenda a boma, kaliwondewonde, matenda omwewa. A ku San Francisco anali ndi dzina la matenda koma analibe maliro. Ife tinali ndi maliro koma dzina la matenda linkatikanika pakamwa. Mpaka mu Febuluwale 2004 m'pamene Pulezidenti Bakili Muluzi ananena poyera kuti mchimwene wake anamwalira ndi Edzi, chaka chimene mankhwala otalikitsa moyo anayamba kuperekedwa kwaulere m'zipatala za boma. Nelson Mandela wa ku South Africa anachita chimodzimodzi mu Januwale 2005, tsiku limene mwana wake Makgatho anamwalira.

Ku South Africa komweko singano inagwiranso ntchito yomwe ija. M'mudzi wa Hamburg ku Eastern Cape, pa mtsinje wa Keiskamma, dokotala wina yemwenso ndi mmisiri wa zojambula, Carol Hofmeyr, anayamba kuphunzitsa amayi kupeta nsalu m'chaka cha 2000. Mu 2005 amayi oposa 100 anamaliza chinsalu chachikulu cha paguwa, chokhala ndi zitseko zotseguka, potengera chojambula chakale cha ku Isenheim chimene Matthias Grünewald anajambulira chipatala cha odwala zilonda. Pamalo pa Yesu wopachikidwa, amayiwo anapeta mayi wamasiye wa m'mudzi mwawo, ana amasiye atamuzungulira. M'kati mwenimweni anaikamo zithunzi za agogo ndi zidzukulu zawo. Chinsalucho chinakafika ku Toronto pa msonkhano wa Edzi wa 2006, ndipo ntchito yopeta inakhala njira yopezera ndalama kwa amayi amene ankalera ana a abale awo omwalira.

Chofunda cha ku America chinapitiriza ulendo wake, wosasowa mabampu. Mu 2001 likulu lake linasamukira ku Atlanta, ndipo panabuka kusamvana pakati pa Jones ndi oyendetsa bungwe, mpaka nkhani inafika ku khoti. Patapita zaka pafupifupi makumi awiri, mu 2020, chinabwerera kwawo, m'manja mwa bungwe la National AIDS Memorial limene limasamaliranso nkhalango ya chikumbutso ku Golden Gate Park. Makalata, zithunzi ndi mapepala a maliro oposa 200,000 amene anabwera pamodzi ndi zigamba anaperekedwa ku Library of Congress ku Washington. Lero zigamba zilipo pafupifupi 50,000, mayina ake ndi pafupifupi 110,000, ndipo chonsecho chimalemera matani 54. N'chachikulu moti kuchiyala chonse malo amodzi n'kovuta, koma poyerekeza ndi anthu oposa 700,000 amene Edzi yapha ku America, ndi oposa 40 miliyoni pa dziko lonse, ndi kachigamba chabe. Zinsalu zake zimasungidwa zopindidwa m'mashelefu m'nyumba yosungira katundu ku San Leandro, kutsidya kwa nyanja kuchokera ku San Francisco, ndipo zimatuluka n'kubwerera chaka chonse. Munthu akhoza kupempha kuti chinsalu chimene pali m'bale wake chibwere ku tchalitchi kapena ku sukulu ya kwawo. Zikabwerako zimakhala zitatha ulusi penapake, ndipo wina amakhala pa makina n'kuzikonza.

Mliri wa Covid-19 utafika mu 2020, zipatala ndi malo osamalira anthu osowa pokhala zinasowa zotchingira pakamwa ndi pamphuno. Gert McMullin, amene anali ataona kale mliri umodzi ukumulanda anzake, anatenga nsalu zotsala zimene ankakonzera chofunda chija n'kuyamba kusoka mamasiki, iye ndi anzake odzipereka, n'kumapereka kwa anamwino ndi kwa anthu okhala m'malo amenewo.

M'nyumba yosungira ija muli chigamba chimodzi chimene sichinalumikizidwe ku chinsalu chilichonse. Chinafika ku kasitolo ka mumsewu wa Market m'zaka zoyambirira zija. Ndi nsalu yakuda yokhala ndi zilembo zoyera, ndipo palibepo dzina la munthu, koma mawu otanthauza kuti womaliza. Osamalira chofundachi anagwirizana kuti adzachisokerera pa tsiku limene munthu womaliza adzafe ndi Edzi. Nthawi zina amachitulutsa kuti anthu achione, kenaka amachipinda n'kuchibwezera pa shelefu. Zigamba zatsopano zikufikabe pa positi.